Kukoka Kanayi

A Rutger Ossewaarde anafika Lolemba m'mawa mvula ikuwaza, atavala buluku lapulasitiki la okwera njinga. Analivula pakhomo, n'kulipachika bwinobwino, kenako anatipatsa moni mmodzimmodzi ndi dzanja lozizira. Akuluakulu a chipatala anali atatiuza kale kuti kubwera munthu wodzafufuza ngozi zimene sizinachitike.

"Ngozi zimene sizinachitike," anandinong'oneza Tjerk, mnzanga amene ndimakhala naye m'chipinda choyendetsera makina. "Ndiye kuti akusaka wolakwa amene sanalakwe. Wietske, konzeka. Nkhope yakoyo ndi ya munthu wovomera mlandu."

Sindinaseke. Inenso mtima unali utandiuza kuti munthu sangabwere ndi cholembera m'manja osafuna kuchotsa kanthu.

Ntchito yathu ndi yowotcha zotupa za khansa ndi cheza cha mapulotoni. Makina opanga chezacho ali kuseri kwa makoma okhuthala, ndipo zipinda zitatu zimalandira mosinthana, china chikamalandira zina zikudikira. Chezacho chimalowa m'thupi n'kukaima pamalo penipeni pamene madokotala anayeza. Wodwala akasuntha pang'ono, chimakaima pena. N'chifukwa chake amagona womangidwa, yekhayekha, ife tili kunja kumuyang'ana pa kamera. Ndisanadine batani ndimati chamumtima, Ambuye, mukhale naye m'menemo poti ife tatuluka. Palibe amene ndinamuuzapo zimenezi, ngakhale Tjerk amadziwa, chifukwa amasiya nthabwala zake kwa kamphindi ndikaika chala pa batani.

A Ossewaarde sanafunse za mawaya kapena za zitsulo. Anajambula mabokosi pa bolodi la m'chipinda chomwera khofi: dokotala, makina, chitseko, wodwala, ife. Pakati pa mabokosiwo anajambula mivi yosonyeza amene amalamula mnzake ndi amene amabweza uthenga. Pa muvi uliwonse ankafunsa mafunso omwewo. Nanga uthengawu utapanda kutumizidwa? Nanga utachedwa? Nanga utafika kwa munthu amene akuganiza kuti ukutanthauza zina?

"Nanga khofi atatha?" anafunsa Tjerk.

"Imeneyo ndi ngozi imene inachitika kale," anayankha a Ossewaarde osamwetulira. "Ndamulawa."

Asanaweruke ndinawapeza akutsuka makapu athu onse, ngakhale kapu ya Tjerk imene mwiniwake amaitsuka pa Khirisimasi pokha. Anaipukuta n'kuiika pamalo pake penipeni. Ndimakonda anthu otere. Koma tsiku limenelo ndinadzifunsa kuti, munthu wadziwa bwanji pamene kapu iliyonse imakhala atangofika lero? Ndiye kuti palibe chimene chikumudutsa. Ndipo ine ndinali ndi chinthu chimene sindinkafuna kuti achione.

Chinthucho chinali chingwe cha a Douwe Terpstra.

A Terpstra anali nkhalamba ya kumpoto, yaitali, ya manja aakulu ngati zopalasira bwato. Chotupa chawo chinali kuseri kwa mphuno, pafupi ndi mitsempha ya maso. Odwala otere timawaveka chigoba chapulasitiki chowumbidwa pankhope pawo, n'kuchikhomera ku bedi kuti mutu usagwedezeke. Tsiku loyamba, titangokhoma chigobacho, anang'amba pepala la pabedi ndi zikhadabo, thukuta lili kamukamu. Kuwagoneka ndi mankhwala tsiku ndi tsiku sikukanatheka chifukwa mtima wawo unali wofooka. Tinawapatsa kampira kofinya koliza belu kwa ife. Anakayang'ana ngati tawapatsa mbewa yakufa.

"Anesi," anatero. Ankanditcha anesi ngakhale ndinawauza kangapo kuti si ine nesi. "Zamagetsi zimafa nthawi imene ukuzifuna. Ndipatseni chingwe."

Moyo wawo wonse anagwira ntchito yomira pansi pa madzi, kukonza zombo ndi zitseko za madamu, m'madzi akuda amene munthu saona ngakhale dzanja lake. Pa zaka zoyambirira, asanapeze ndalama zolembera antchito, amene ankagwira chingwe chawo m'bwato anali akazi awo, mayi Froukje. Choncho tinapeza chingwe chopyapyala cha buluu, tinachidutsitsa pansi pa chitseko ndi m'kanjira kokhotakhota kolowera m'chipindamo. Nsonga ina inkakhala m'dzanja la a Terpstra, ina m'dzanja la mayi Froukje amene ankakhala pampando panja pa chitseko. Ana aang'ono timawachitira zimenezi ndi amayi awo. Nkhalamba ndiye inali yoyamba. Kuyambira tsiku limenelo a Terpstra ankagona zii ngati mwala. Kampira kaja tinkawaikirabe pamimba, poti lamulo limatero, koma sanakakhudzepo.

"Tiwasunthire a Terpstra madzulo," anatero Tjerk Lachiwiri. "Kazitapeyu amaweruka msanga kukatenga ana kusukulu."

"Sindinama, Tjerk."

"Ndani wati uname? Ndati usaonetse. Ku tchalitchi kwanuko simusiyanitsa zimenezi?"

Sitinawasunthe. Lachitatu a Ossewaarde anakhala pakona ndi kope lawo pamene ine ndinkatambasula chingwe m'kanjira kaja. Ananditsatira ndi maso mpaka pachitseko. Anangolemba. Ndikanakonda akanalankhula.

Masana ake, tikudya buledi wathu wa tchizi, anandifunsa.

"Mayi Wietske, chingwe chija sichili pa bolodi langa."

"Si cha makina. N'chongowalimbitsa mtima."

"Chinavomerezedwa?"

"Adokotala akudziwa. Akatswiri a makina anayesa, sichikola paliponse makina akamazungulira, chitsekonso chimatsekeka bwino."

"Zimenezo ndaona, munachita bwino. Koma chimanena chiyani?"

"Pepani?"

"Chingwecho. Chimanyamula uthenga wanji?"

"Palibe uthenga. Ndi dzanja chabe. Munthu akufuna adziwe kuti sali yekha."

Anagwedeza mutu n'kulembanso. Ndinasiya buledi wanga. Usiku ndinawapempherera a Terpstra, ndipo ndinayesa kuwapempherera a Ossewaarde, koma mawu ake ankatuluka ouma.

Panali chinthu china chimene ndinali nditachiona, chimene poyamba sindinachilumikize ndi chilichonse. M'masabata oyambirira, a Terpstra akatuluka nkhope ili madonthomadontho chifukwa cha chigoba, mayi Froukje ankawamangira mabatani a jekete, kuyambira pansi mpaka pakhosi, kenako n'kuwaponyera kaswiti kakuda kamchere m'kamwa. A Terpstra ankang'ung'udza koma ankakweza chibwano kuti batani lomaliza limangike. Sabata imeneyi ankamanga okha. Kaswiti ankakalandira ndi dzanja n'kukaika m'thumba. Potuluka ankatsogola, mayi akutsatira pambuyo ndi ambulera.

Lachinayi, nditawavula chigoba, anakhala tsonga pabedi nthawi yaitali akuyang'ana mapazi awo.

"Anesi, Lolemba musandiyembekezere."

"Mwadwala, bambo?"

"Ndatopa. Zakwana."

"Mwadutsa theka lokha. Mukasiyira apa chotupacho chidzukanso, ndipo sitingadzayambirenso ngati poyamba. Adokotala anakuuzani."

"Anandiuza. Amalankhula bwino mnyamata ameneyo." Anatsika pabedi. "Mawa ndibwera, poti ndinalonjeza sabata ino. Ine sindiphwanya lonjezo."

Mawu omalizawo anawakweza, kuti adutse m'kanjira kaja akafike panja.

Ndinapita molunjika kwa a Ossewaarde. Ndinawapeza ataima pa bolodi lawo. Si khalidwe langa kuyamba munthu.

"Mwawauza chiyani a Terpstra?"

"Ine? Sindiloledwa kulankhula ndi odwala."

"Akuti asiya. Mwabwera Lolemba, Lachinayi munthu akusiya chithandizo. Mwina mwawauza kuti muchotsa chingwe."

"Sindinawauze kanthu, ndipo ine sindichotsa zinthu. Ndimangofunsa." Anavundukula cholembera chawo. "Koma poti mwabwera, taonani." Anajambula kabokosi katsopano panja pa chitseko, n'kulembamo kuti mkazi wake. Kuchokera ku bokosi la wodwala anakoka muvi mpaka ku kabokosiko. "Muvi uwu ulipo, ndauona ndi maso anga. Tsopano ndisonyezeni muvi wochokera kwa mayiwa kubwera kwa inu."

Ndinayang'ana bolodilo. Panalibe.

"Ndamva kuti bamboyu anali womira m'madzi. Mlamu wanga amamira, zongosangalala patchuthi. Anthu amenewa chingwe sachigwira chabe, mayi Wietske. Amalankhula nacho. Inu mukudziwa kuti belu lake ndi kampira. Kodi iyeyo akudziwa kuti belu lake ndi chiyani?"

Ndinatuluka. Ndinkafunabe kuti akhale wolakwa.

Mayi Froukje ndinawapeza pafupi ndi khomo lalikulu, akudikira a Terpstra amene anali atalowa kuchimbudzi. Chikwama anachifungata pamiyendo. Ndinakhala pambali pawo.

"Mayi, ndikufunseni. Pa ntchito yawo ija, kukoka chingwe kunali ndi matanthauzo?"

Sanandiyang'ane. "Kamodzi, ndili bwino. Kawiri, masula. Kanayi, ndikokere kumwamba."

"Muno amakoka?"

"Kamodzi. Tsiku lililonse kamodzi, ine n'kubweza kamodzi."

"Masiku onse?"

Anatsegula chikwama, n'kuchitsekanso. Kunja basi inadutsa ikuthovutsa madzi.

"Lachisanu lapitali anakoka kanayi," anatero.

Lachisanu ndinali pa batani ndine. Ndinawayang'ana pa kamera nthawi yonse, ndipo sindinaone kanthu koma munthu wogona bwino.

"Malovu anamutsamwa, nseru inamugwira. Anandiuza m'galimoto. Ndi mawu okhawo amene anandiuza tsiku limenelo."

"Bwanji sanafinye kampira? Bwanji sanakweze dzanja?"

"Munamuuza kuti akasuntha mumuwotcha maso. Douwe ukamuuza kuti usasunthe, sasuntha. Anakoka chingwe ndi zala, n'kudikira ine."

"Inuyo munamva?"

"Ndinamva zonse zinayi." Tsopano anandiyang'ana. "Getsi lofiira losonyeza kuti mukuwotcha linali litayaka pamwamba pa chitseko. Ndinadziwa kuti kwatsala pang'ono. Ndinati ndikafuula, muimitsa, mumutulutsa, ndipo munthu amene uja sadzalolanso chigoba chija. Ndimamudziwa. Ndinabweza kamodzi. Ndinamuuza kuti uli bwino, pamene iye akunena kuti sali bwino." Anapukuta mphuno. "Zaka zonse zija m'bwato, mphepo, chisanu, mimba ya mwana wathu woyamba, sindinachedwepo. Akakoka kanayi ndinkakoka mpaka manja kutuluka magazi. Ndiye wandiyesa wotani tsopano?"

Munthu akasanza atagona chagada, chigoba chitamukhomera ku bedi, masanzi amatha kulowa m'mapapo. Sindinawauze zimenezo. Ndinangowagwira dzanja, ndipo iwo analola kwa kanthawi.

"Muwauza akuluakulu anu?"

"Ndiyenera kutero, mayi."

"Adula chingwe."

"Mwina."

Ndinakawauza tsiku lomwelo, a Ossewaarde asanaweruke. Adokotala aakulu ataimva nkhaniyo anavula magalasi n'kunena kuti chingwecho chichoke lero lomwe, kwa akulu ndi kwa ana omwe. Ndinayang'ana a Ossewaarde. Ndinati m'mtima, ndi zimene munabwerera, landirani.

"Mukhoza kuchichotsa," anatero a Ossewaarde. "Koma ndiye mundiuze kuti bamboyu azikuitanani ndi chiyani. Kampira sakakhulupirira. Mukachotsa chingwe, pa bolodi langa wodwala atsala wopanda muvi uliwonse. Ngoziyo simunaichotse, mwangoibisa."

"Asiya chithandizo, chingwe chikhalepo kapena ayi," anatero adokotala.

"Zimenezo sindingadziwe, si ntchito yanga. Ine ndikungoti vuto si chingwe. Vuto ndi kumene chikuthera. Chikuthera kwa munthu amene alibe batani, amenenso ali ndi chifukwa chabwino chokhalira chete."

Anakangana nthawi yaitali. Pomaliza adokotala analola kuti tiyese kamodzi, Lachisanu. Chingwe chitalikitsidwe mpaka m'chipinda chathu, chizungulire padzanja langa, nsonga yake ikhale kwa mayi Froukje amene akhale pambali panga. Kukoka kanayi kukhale ngati belu, ndipo zilembedwe kuti aliyense wogwira ntchito adziwe.

"Mwaona?" anandinong'oneza Tjerk potuluka. "Akukumangirira pa chingwe kuti ukalakwa asavutike kukusaka."

"Khala chete, Tjerk."

"Ndikungonena. Munthu wotsuka makapu a eni ndimamuopa."

Inenso sindinadziwe choganiza. Mwina analidi kumbali yathu. Mwina ankangofuna muvi wake ukwanire.

Lachisanu m'mawa ndinawafotokozera a Terpstra zonse asanagone. Anamvetsera maso ali pa chigoba chimene chinali m'manja mwanga.

"Ndiye Froukje wakuuzani," anatero.

"Andiuza okha."

"Hm. Ndiye inuyo mukuti ndikakoka kanayi muimitsa chimakina chonsechi?"

"Ndiimitsa."

"Ngakhale kutatsala pang'ono?"

"Ngakhale kutatsala pang'ono. Makina amakumbukira pamene alekezera. Tikhoza kupitiriza bwino lomwe, palibe chimene chimawonongeka."

"Zimenezo palibe anandiuzapo."

Anali kunena zoona. Tinawauza kambirimbiri kuti asasunthe, koma palibe amene anawauza, iwo kapena akazi awo, kuti kuimitsa n'kololedwa.

"Anthu a pamtunda mumalonjeza msanga," anatero akugona. "Khomani."

Tinakhoma chigoba, tinawayeza ndi zithunzi mpaka zonse zinagwirizana. Ndinazungulira chipinda kuona kuti simunatsale munthu, ndinadina batani la wotuluka pomaliza, n'kutseka chitseko. Mayi Froukje anali atakhala kale pampando wa Tjerk, amene anaimirira kumbuyo kwawo atapinda manja. A Ossewaarde anali pakona pawo. Ndinazunguliza chingwe padzanja lamanzere. Tinadikira chipinda chachiwiri kuti chimalize, kenako cheza chinabwera kwa ife.

Ndinapemphera pemphero langa lija, n'kudina.

Chingwe chinagwedezeka kamodzi. Mayi Froukje anabweza kamodzi. Pa kamera a Terpstra anali ngati chosema. Manambala ankakwera. Mbali yoyamba inatha, makina anazungulira, tinayamba yachiwiri. Ndinkamva kupuma kwa mayi Froukje. Tinadutsa theka, tinayandikira kumapeto, ndipo ndinayamba kuganiza kuti lero tadutsa.

"Imitsani!" anafuula mayi Froukje. "Imitsani, wakoka!"

Dzanja langa lamanja linamenya batani lofiira ndisanaganize n'komwe. Kukoka kwachinayi ndinakumva chezacho chitazima kale. Kukoka kwake kunali kwa zala chabe, kopepuka ngati kansomba kakulawa nyambo, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanadikira kuti nditsimikize.

"Basi, malo athu pamzere apita," anatero Tjerk akutsegula chitseko. "A chipinda chachitatu atithokoza."

Ndinathamanga m'kanjira kaja, Tjerk ali pambuyo ndi mbale yosanzira. Ndinamasula zokhomera n'kunyamula chigoba. A Terpstra anali kupuma bwinobwino. Nkhope inali youma. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mbale ya Tjerk.

"Imeneyo ukadyeremo phala, mnyamata."

"Bambo, mwamva chiyani? Nseru?"

"Palibe."

"Ndiye mwakokeranji?"

"Ndimafuna ndione."

Tjerk anatulutsa mpweya m'mphuno. "Bambo Terpstra, mukudziwa kuti mwaimitsa makina odula kuposa mudzi wanu wonse, ndi tchalitchi chomwe?"

"Mudzi wathu suudziwa iwe." Sanachotse maso pa ine. "Anesi, musandinamize, mumapita ku tchalitchi inu, ndinaona kamtanda kanu. Wayamba kumva ndani?"

"Akazi anu."

"Mukuwakometsera."

"Ayi. Afuula musanamalize kukoka. Ine ndamva pambuyo."

"Pa kachingati?"

"Ndikuganiza pa kachitatu."

Anayang'ana kudenga.

"Amafulumira choncho kuyambira kale," anatero. "Tsiku lina anandizula m'madzi ndikungofuna sipanala." Anakweza mawu. "Froukje! Umadikira kachinayi, nkhalamba iwe! Katatu ndi zina!"

Kuchokera kutali, kupyola m'kanjira, mawu a mayi anabwera osweka. "Ugone, Douwe! Anthu akudikira!"

Anagonanso bwino, n'kuika mutu pamalo pake okha. Ndinaima ndi chigoba m'manja. Tinkayenera kuwayezanso ndi zithunzi kuyambira poyamba, kenako kudikira zipinda ziwiri zimalize, zonsezo chifukwa cha kachigawo kakang'ono kamene kanatsala.

"Bambo, Lolemba?" ndinafunsa.

"Ndidzakokanso tsiku lina. Sindikuuzani liti."

"Tidzaimitsa."

"Tidzaona." Anatseka maso, zala zikufufuza chingwe pa bulangeti mpaka zinachipeza. "Lolemba mundiike m'mawa. Madzulo msewu wa kwathu umadzaza. Khomani, anesi."